Kebo ya masauzande siichotsa kung'ung'uza kwa ampu yanu

Mwezi watha alamu anga a ku Kalongwezi anandiimbira Loweruka masana ati bwerani mudzamve chinthu. Munthuyu nyimbo amazikonda kuchokera pansi pa mtima, anayamba kusonkhanitsa zimbale za galamafoni tili anyamata ndipo mpaka lero zili m'kabati zoimika bwinobwino, kalindula, rumba, makwaya, zonse. Chaka chino anaganiza zokweza makina awo, anagula ampu yogwirapo kale ntchito koma yabwino ndithu ku Lusaka, ndi ka DAC kolumikiza ku laputopu, kabokosi kosandutsa nyimbo za mu kompyuta kukhala siginolo yopita ku ampu, ndiye wina pa WhatsApp anawauza kuti zonsezo mwangotaya ndalama ngati simunagule ma interconnect apamwamba, kutanthauza timakebo tifupitifupi tija tochoka ku CD player kapena ku DAC kupita ku ampu. Anaitanitsa peya imodzi kudzera mwa mwana wawo wa ku Johannesburg, ndipo atandinong'oneza mtengo wake ndinayamba ndakhala chete, chifukwa ndalama imeneyo ndi matumba angapo a feteleza.

Keboyo ndi yokongola, zimenezo sindingakane. Yonenepa ngati chala chachikulu, yokutidwa ndi nsalu yoluka, mapulagi olemera onyezimira golide, ndi kamuvi kolozera mbali imene nyimbo ikuyenera kuyendera. Tinakhala pa sofa, anaika nyimbo, nkumandiyang'ana kumaso. "Alamu, mwaimva besi mmene yakhalira?" Ine chimene ndinamva bwino kwambiri chinabwera nyimbo itatha, ina isanayambe. Mmmmmm, kaphokoso kapansipansi kotuluka m'masipika onse awiri, komwe kaja ndinakamva pa Khirisimasi keboyi isanabwere. Kanali pomwepo, sikanasunthe ngakhale pang'ono.

Ndiye ndikufuna ndinene maganizo anga poyera, chifukwa anthu okonda nyimbo kuno kwathu akuchuluka ndipo ndalama sitichita kutola. Ntchito ya kebo ndi kufikitsa siginolo kumene ikupita osaiwononga, basi. Siingawonjezere chimene mulibe mu chimbale. Kebo yopangidwa bwino ya mtengo wapakati imagwira ntchito imeneyi mokwanira, ndipo zimene zimaononga mawu m'nyumba zathu za ku Chipata kuno zambiri zili kwina, ku ethi ya nyumba, waya wa magetsi wopita m'nthaka uja, ku malaiti, ku fumbi ndi dzimbiri pa mapulagi, ndi ku chipinda chenichenicho.

Tiyeni tione kaye chimene chimayenda mu kebo imeneyi. CD player kapena DAC imatulutsa pafupifupi 2 volts nyimbo ikafika pamwamba penipeni, ndipo khomo la ampu limene siginolo imalowera limakhala ndi ma ohm 10,000 mpaka 47,000 kapena kuposa. Waya wa m'kati mwa kebo ya mita imodzi ali ndi pafupifupi 0.1 ohm kapena kucheperapo. Ndiye ganizirani 0.1 kuyerekeza ndi 10,000, chimene chikutayika panjira ndi gawo limodzi mwa magawo 100,000, khutu la munthu silingamve zimenezo olo atakhala woimba kwaya kuyambira ali mwana. Ogulitsa amati tengani ya siliva chifukwa siliva amapititsa magetsi bwino kuposa kopa, ndipo ndi zoona, amaposa ndi pafupifupi 6 peresenti. Koma 6 peresenti ya kanthu kamene kanali kale kosamveka ndi chani?

China chimene chimayezedwa ndi capacitance, tingoti kakhalidwe ka kebo kosunga timagetsi pakati pa waya wa m'kati ndi wakunja, kamene kakachuluka kamadya mawu osongoka aja a m'mwamba, zinthu ngati hi-hat ndi kulira kwa nsambo za gitala. Makebo ambiri abwinobwino amakhala ndi ma pF, ndiwo muyezo wa capacitance, pakati pa 50 ndi 150 pa mita. Mukaphatikiza ndi DAC imene khomo lake lotulukira lili ndi ma ohm 100 kapena 200, kudya kumeneku kumayambira ku mamiliyoni a Hz, pamene khutu la mwana wamng'ono limathera pa 20,000 Hz ndipo ife a zaka makumi asanu tinatsika kale pansi pa pamenepo. Kotero pa mita imodzi, pakati pa makina amakono, kusiyana kwa kebo yabwino ndi kebo yabwino inzake kuli kutali ndi kumene timamvera.

Nkhani ya kopa ndiye imandikhudza mwapadera ngati mZambia. Pa mabokosi amalemba OFC, kopa wopanda okosijeni, ena OCC, njira yosungunulira imene anatulukira Atsumi Ohno wa ku Japan m'zaka za m'ma 1980, ndipo amazilemba ngati kopa ameneyu wachokera kumwamba. Ife dziko lathu limakumba kopa, Kansanshi ku Solwezi, Lumwana, Kalumbila, migodi ya ku Copperbelt, mu 2024 tinatulutsa matani opitirira 800,000. Kopa woyengedwa amene amagulitsidwa pa msika wa zitsulo wa ku London ngati Grade A amakhala woyera kale kufika 99.99 peresenti, ndipo ku Luanshya kuli ZAMEFA imene imapanga mawaya ndi makebo kuchokera ku kopa wathu yemweyu. Mu peya ya ma interconnect muli kopa wa magalamu ochepa chabe, wokwana m'dzanja. Pamene ku America kuli makebo ngati Nordost Odin 2 amene peya imodzi yosakwana ndi mita yomwe imapitirira madola 20,000. Sindikunena kuti opangawo sagwira ntchito, amaluka mosamala, mapulagi awo ndi abwino, koma ndalama imeneyo simukulipira chitsulo ayi, mukulipira dzina, bokosi ndi malonda a m'magazini. Bizinesi imeneyi inakula kuyambira 1979 pamene Noel Lee anayambitsa kampani ya makebo ya Monster Cable, ndipo mu 2007 James Randi, munthu wotchuka pa kuulula zachinyengo, anaika poyera madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angasiyanitse ndi makutu okha, osaona, makebo a sipika a Pear Anjou a madola 7,250 ndi a Monster wamba. Ndalamayo palibe anaitenga.

Lomba wina anena kuti koma ine ndinamva kusiyana ndi makutu angawa, mukuti ndikunama? Ayi simukunama, ndipo alamu anganso sankanama. Munthu ukagula chinthu chodula umakhala pansi nkumvetsera ndi mtima wonse, foni umaika pambali, ana umawauza akasewere panja, ndiye umamva tinthu timene tinalimo kale mu nyimbo koma sunkatimvetsera. Komanso posintha kebo umazula yakale nkulowetsa yatsopano, kukhulana kumeneko kumachotsa litsiro pa soketi, nthawi zina mawu amayeradi chifukwa cha zimenezo. Ndiponso dzanja limapita lokha pa voliyumu, ndipo nyimbo ikakwera pang'ono chabe khutu limati yakoma, besi yadzaza. Mutu wathu susunga kamvekedwe kenikeni nthawi yaitali, pakangopita masekondi ochepa zatsala ndi zimene ukuganiza kuti unamva.

Ndiye tinayesa, ndipo inunso yesani musanatulutse ndalama. Sabata yotsatira ndinapita ndi peya yanga imene anandiwotcherera mnyamata wina wokonza mawailesi ku Kapata, kebo ya maikolofoni yodulidwa pa mpukutu ndi mapulagi achitsulo olimba. Tinaika tepi pa voliyumu kuti wina asaigwire, tinaphimba kumbuyo kwa makina ndi chitenje, mdzukulu wawo wa giredi 11 ndiye anali wosintha. Iye amaponya kandalama, kakagwa uku aika yodula, kakagwa uko aika yanga, nkulemba mu kope osatiuza, ife tili panja pakhonde. Tikalowa timvera mphindi imodzi ya nyimbo yomweyomweyo, aliyense alemba pa kapepala kake osaonetsa mnzake. Tinachita kakhumi. Alamu analasa kasanu, ine kanayi, zimene munthu angapeze olo atatseka makutu nkumangolota. Iwo anakhala chete kanthawi kenako anati, "Alamu, tibwerezenso mawa, mwina lero ndatopa." Tinabwereza, zinali chimodzimodzi. Ndinawalemekeza kwambiri chifukwa si aliyense angalole kuyesa chinthu chimene wachilipira kale.

Koma musandimve molakwa, sindikuti kebo iliyonse ndi yofanana. Timakebo tofiira ndi toyera tija topyapyala ta pa msika, tengani kamodzi kakale mukadule ndi lezala muone. Waya wakunja amene amayenera kukuta wa m'kati ngati ukonde kuti atchinge phokoso, mupeza ndi timaulusi tingapo tongoyenda m'mbali, ndipo tina si kopa nkomwe, mukapala ndi mpeni mkati mukutuluka zoyera za aluminiyamu, kapena mukayandikiza maginito tikukakamira chifukwa ndi chitsulo chongopaka kopa pamwamba. Mapulagi ake amakhwepa pakangopita miyezi, sipika imodzi izizima mpaka ugwedeze waya. Kuchoka pa kameneko kupita pa kebo yokhala ndi ukonde wa kopa wothithikana ndi pulagi yogwira zolimba, pamenepo kusiyana kulipo ndipo kumamveka, makamaka ngati pafupi pali tchaja ya foni, rauta kapena invata. Mastudio a dziko lonse kumene nyimbo zimajambulidwa amagula Mogami, Canare kapena Belden pa mpukutu, nkuika mapulagi a Neutrik, mamita mazanamazana. Nyimbo imene mukumverayo inadutsa kale mu makebo amenewo isanafike kwa inu, ndiye mita imodzi yomalizayo siingabweze chimene iwo sanataye.

Pali malo awiri pamene ndimauza munthu kuti apa samalani ndithu posankha. Oyamba ndi pa turntable, makina oimbira zimbale aja, ndipo kwa anthu ngati alamu anga amene chuma chawo ndi zimbale apa ndiye pofunika. Katiriji ya singano ya mtundu wa moving magnet imatulutsa kasiginolo kakang'ono kwambiri, mwachitsanzo Audio-Technica AT-VM95E imatulutsa 4 millivolts, kuchepa ka 500 poyerekeza ndi CD player, ndiye phokoso lililonse limene kebo yatola panjira limakwezedwa limodzi ndi nyimbo. Komanso katiriji yotereyi imamvana ndi capacitance mwa njira imene DAC siichita, opanga ake amati ionane ndi ma pF 100 mpaka 200 onse pamodzi, kuwerengera waya wa mu mkono wa singano, kebo, ndi khomo la ampu. Mukaika kebo ya mamita awiri yokhala ndi 150 pa mita mwapitirira kale, mawu a m'mwamba amasongoka molasa m'khutu pena pake kenako pamwamba penipeni nkuzimirira. Apa kebo imasinthadi mawu, koma yofunika ndi yaifupi ndi ya ma pF ochepa, osati yodula. Ndipo ine zimandiwawa kuti makebo ena odula kwambiri nambala imeneyi salemba pa bokosi, amalemba ndakatulo za mmene mawu adzatsegukire. Wogulitsa mufunseni kuti ma pF ndi angati pa mita, akayamba kuzungulira dziwani kuti akugulitsani bokosi.

Achiwiri ndi mtunda wautali. Anyamata a zokuzira mawu ku matchalitchi ndi pa maukwati amadziwa kale zimenezi, maikolofoni ili kutsogolo mikisa ili kumbuyo mamita makumi awiri, sagwiritsa RCA, mapulagi wamba aja a timakebo tofiira ndi toyera, amagwiritsa XLR ya mapini atatu ija ena amaitcha kanoni. Mmenemo siginolo imayenda pa mawaya awiri, pini 2 ndi pini 3, phokoso la panjira limagwera onse awiri mofanana, ndiye makina olandira amatenga kusiyana kwa awiriwo phokoso lija nkufafanizika. Ngati DAC yanu ndi ampu yanu zonse zili ndi XLR yeniyeni gwiritsani ntchito, ndi njira yabwino yothana ndi kung'ung'uza. Kungoti muziyerekeza mwachilungamo, makina ambiri amatulutsa 4 volts pa XLR pamene pa RCA ndi 2 volts, kusiyana kwa 6 dB, ndiye munthu amalumpha kuti eee kebo iyi yatsegula nyimbo pamene yangokwera voliyumu. Ndipo kaadaputala kosintha RCA kukhala XLR sikapanga zimenezi, kamangosintha maonekedwe a pulagi.

Za kamuvi kaja, pa makebo ena kali ndi chifukwa chake, ukonde wakunja analumikiza mbali imodzi yokha ndiye akukuuzani mbali yoyenera kuloza ku gwero. Koma zoti kopa amadziwa kumene nyimbo ikupita, kapena zoti kebo iyambe yaimba maola mazana kuti ipse, zimenezo ine ayi, siginolo ya nyimbo ndi AC, imapita uku ndi uku kambirimbiri pa sekondi. Makebo ngati a MIT ndi Transparent ali ndi timabokosi panjira tokhala ndi tizipangizo m'kati, amenewo akhoza kusinthadi kamvekedwe, koma pamenepo mwagula fyuluta imene simungaizimitse.

Tibwerere ku mmmm uja. Malaiti athu ndi 230 volts pa 50 Hz, ndipo kung'ung'uza kumene mumamva ndi 50 Hz yomweyo ndi ana ake, 100, 150, kulowa mu njira ya nyimbo. Kwa alamu tinachita zosavuta, kuzula chilichonse kumbuyo kwa ampu nkutsala masipika okha, zii. Kubwezera DAC, zii. Kubwezera waya wochokera ku TV, mmmm wabwerera. TV inali yolumikizidwa ku dekoda, dekoda ku dishi pa denga, ndipo zinali pa soketi ina ya khoma lina, ndiye magetsi anapeza njira yozungulira kudzera mu ukonde wa makebo a nyimbo, chimene amisiri amati ground loop. Tinasamutsa zonse kuti zidye pa soketi imodzi, mawu a TV tinawadutsitsa pa optical imene imayenda ndi kuwala mopanda chitsulo, phokoso linatsika mpaka kufuna kuika khutu pa sipika kuti ulimve. Zonsezi mtengo wake sunafike olo gawo limodzi mwa magawo khumi a kebo ija. Titatsegula pulagi ya ekisitenshoni tinapezanso kuti pini yaikulu ya ethi inalibe waya nkomwe, munali mawaya awiri basi, ndipo ekisitenshoni zotere zadzaza m'nyumba zathu. Chonde musachotse ethi dala pofuna kuthetsa phokoso monga ena amalangizira, waya ameneyo ndi amene amakutetezani tsiku limene ampu idzashote mwana atagwira chitsulo chake.

Kuchokera pa chilala cha 2024 pamene madzi anatsika ku Kariba malaiti nkumapita maola ambirimbiri pa tsiku, nyumba zambiri zinagula sola, mabatire ndi ma invata. Ma invata otchipa aja a modified sine wave satulutsa magetsi osalala, amatulutsa odumphadumpha ngati masitepe, thiransifoma ya mu ampu imalira zzzz nkumatentha, ndipo phokosolo limafika mpaka ku masipika. Munthu amene ali ndi invata yotere nkumaganiza zogula kebo ya siliva, ine ndingamugwire dzanja nkumuuza kuti achimwene, ndalamayo sungani muwonjezere mugule pure sine wave, ndi kachipangizo kochedwetsa malaiti akamabwera kuti ampu isalandire kugunda koyamba kuja. Mvula ikayamba mu Novembala ndi ziphaliwali zake za kuno kumapiri, chimene chidzapulumutse makina anu ndi kuzula pulagi ku khoma ndi waya wa dishi.

Fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha mu Januwale nazo zimagwira ntchito yake pa masoketi. Golide wa pa pulagi ubwino wake ndi umenewu, sachita dzimbiri, sikuti amakometsa mawu, ndipo mapulagi opaka golide amapezeka pa mtengo wabwino. Kawiri pa chaka zimitsani zonse, zulani makebo, pukutani masoketi ndi kathonje konyowetsa sipiriti kapena contact cleaner, dikirani ziume, bwezerani. Makebo a nyimbo asagone limodzi ndi a magetsi ngati mtolo wa nkhuni, ngati akumana adutsane mopingasa. Ndipo musagule mamita atatu pamene mita imodzi ikukwana.

Chinthu chachikulu kuposa zonse ndi chipinda, ndipo ichi ndiye anthu safuna kumva chifukwa sichibwera mu bokosi. Pabalaza pa alamu pansi ndi matailosi, makoma a simenti opanda kanthu, mawindo akuluakulu, ukaomba m'manja umamva kulira kukubwerera. Sipika imodzi inali pakona penipeni ina pafupi ndi chitseko. Tinazikoka kuchoka ku khoma pafupifupi theka la mita, kuzitalikitsa mofanana ndi pamene amakhala, kuzipendeketsa pang'ono kuloza pa sofa, pansi tinayala mphasa ndi kalipeti yakale, alongo anga anatulutsa makatani olemera aja amasungira alendo. Apa sipanafunike kuphimba ndi chitenje kapena kuponya kandalama, mdzukulu uja anangolowa nkunena kuti agogo mwasintha chani, woimbayo akumveka ngati waima pakati. Besi imene inkangogunda mu kona inayamba kumveka manotsi ake, umatha kutsatira chala cha woimba.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi za mwini, ndipo munthu amene wakonza kale ethi, malaiti, masipika ndi chipinda, akafuna kebo yokongola yoti akaiona mtima uzisangalala, agule, palibe cholakwa, zili ngati kugula wotchi yabwino. Angosamala ndi zabodza, chifukwa mayina otchuka ngati AudioQuest amakoperedwa kwambiri ndipo pa intaneti mupeza kebo ya dzina lalikulu pa mtengo wodabwitsa, m'kati muli waya wamba. Chimene ndikukana ine ndi kuuza munthu amene wangoyamba kumene, amene wasunga miyezi kuti agule ampu yake yoyamba, kuti makina ake ndi opanda pake mpaka atawonjezera masauzande pa waya. Mnyamata wotere amakhumudwa, amayamba kumvetsera zolakwa m'malo momvetsera nyimbo, pamene ndalama yomweyo ikanamugulira singano yatsopano, kapena masipika abwinopo, zinthu zoti aliyense m'nyumba amva kusiyana tsiku lomwelo.

Kebo yodula ija alamu sanaitaye, ili pakati pa DAC ndi ampu ndipo ikugwira ntchito bwinobwino ngati inzake. Peya yachiwiri imene ankafuna kuitanitsa ya turntable anaimitsa, m'malo mwake tinapita kwa mnyamata wa ku Kapata uja anatidulira masentimita 80 a kebo ya ma pF ochepa ndi kawaya ka ethi kake pambali. Wa zamagetsi akubwera Lachiwiri kudzaona ndodo ya ethi kuseri kwa nyumba, chifukwa titakumba pang'ono tinapeza waya wake unadukira m'nthaka ndipo palibe akudziwa kuti unaduka liti.